Pulani ya nyumba yosanja ndimayambira pa masitepe

Anthu akandibweretsera pulani ya nyumba yosanja amathamangira kundionetsa tsamba lokhala ndi chithunzi cha kumaso: denga, magalasi aakulu, kakhonde ka m'mwamba. Tsamba limenelo ndimayamba ndaliika pambali. Ine ndine mmisiri womanga, ndipo choyamba chimene ndimafuna kuona ndi masitepe.

Papepala la sikelo ya 1:100, sentimita imodzi ndi mita yathunthu, ndiye masitepe amangooneka timizere tothithikana pakona. Ndimatenga rula n'kuyamba kuwerengera. Kuchokera pansi kufika pamwamba pa silabu nthawi zambiri pamakhala mamita 3. Mwendo umakwera bwino sitepe ikakhala ya masentimita 17 kapena 18, kutanthauza kuti pafunika masitepe 17, ndipo popondapo pasachepere masentimita 25 kuti phazi likhazikike. Ojambula ena, pofuna kuti pabalaza pakule, amapanikiza masitepe 14 okha. Mnyamata adzakwera akuthamanga, sadzamva kanthu. Koma ine ndimaganiza za mayi wobereka mwana kumbuyo, ndowa ili kumanja, tsiku limene madzi asiya kutuluka m'mipopi. Ndimayezanso m'lifupi, makamaka pokhotera. Pakachepera mita imodzi, bedi ndi wadilopu zidzavuta kukweza.

Ndikachoka apo ndimasanjika tsamba la m'mwamba pa la pansi, n'kuwagwirizira onse awiri pagalasi la zenera kuti kuwala kudutse. Mizere yonse imaonekera pamodzi. Khoma lililonse la m'mwamba liyenera kutsamira pa khoma linzake, pa bimu kapena pa chipilala. Ndikapeza khoma la chipinda cha ana litaima pakatikati pa balaza, pansi pake palibe chochirikiza, ndimazunguliza ndi pensulo ndipo pulaniyo imabwerera kwa injiniya. Silabu ya masentimita 15 siingasenze yokha khoma la njerwa ngati sanaiwerengere katunduyo. Chimodzimodzi thanki: malita 1,000 a madzi ndi tani imodzi, osati chinthu chodzangokweza padenga nyumba itatha. Pa nkhani ya zitsulo ndi zipilala sindinyengerera munthu. Dziko lathu limagwedezeka, ndipo amene anaona makoma a ku Karonga chitachitika chivomezi cha mu Disembala 2009 amamvetsa msanga.

Bafa ndi chimbudzi cha m'mwamba zikhale pamwamba pa zinzake zapansi, mapaipi atsike molunjika. Zikakhala pamwamba pa chipinda chodyera, kadontho koyamba kadzagwera patebulo.

Pali funso lina limene ndimafunsa banja lililonse, ndipo ndi limene limatidyera nthawi. "Bambo, amayi anu akabwera kuchokera kumudzi adzagona kuti?" Kawirikawiri bamboyo amaloza chipinda cha alendo cha m'mwamba. Mayi a m'nyumba ndi amene amayamba kugwedeza mutu, chifukwa akudziwa za maondo a apongozi awo. Nyumba za kwathu kuno sizikhala za bambo, mayi ndi ana okha. Agogo amabwera kudzaonana ndi adokotala m'tauni n'kukhala miyezi. Wina amatuluka m'chipatala ali ndi bala la opaleshoni, wina wathyoka mwendo. Eni nyumbawo nawonso adzakalamba momwemo. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti pansi pakhale chipinda chogona chenicheni, chokhala ndi bafa pafupi, chitseko chake chotakasuka masentimita 90 kuti njinga ya olumala ilowe. Ena amati chiwadyera malo a galaja. Ndimawauza kuti galimoto ikhoza kugona pansi pa shedi, koma mayi awo sangamanyamulidwe m'manja m'mawa ndi madzulo.

Kukhitchini ndimayang'ana khomo lakuseri. Pulani zambiri zotengedwa pa intaneti zinajambulidwira mayiko amene magetsi sazima, ndiye simupezamo khonde loyatsirapo mbaula, kapena sitolo yokwana matumba a chimanga a makilogalamu 50. Zimenezi timaonjezera, ndipo sitoloyo ndimaiika pafupi ndi khomo kuti thumba lisamadutse pabalaza alendo ali pomwepo.

Chotsiriza ndi kamuvi kosonyeza kumpoto. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo, m'chipinda chimene chili pansi pa malata, limasandutsa chipindacho uvuni mu Okutobala. Ndi bwino kulitembenuzira kumpoto, kumene dzuwa limapendekera m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo denga litulukeko ndithu kuti lipereke mthunzi.

Zonse zimene ndazunguliza ndimazilemba manambala m'mphepete mwa pepala, eni nyumba n'kupita nazo kwa wojambula ndi injiniya. Ndimawapempha kuti akonze zimenezi asanakapereke pulani ku khonsolo, chifukwa ikadindidwa ine ndimamanga zomwe zadindidwazo, ndipo sindikumba maziko ndisanaone chidindocho.