Mabrownie a pa Msewu wa ku Chongwe

Brownie imasintha thupi ukamaitsata pa msewu wa Great East kulowera kummawa. Pa mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, lomwe ambiri amaiwala kuti lili m'boma la Chongwe, imakhala yaifupi, yakuda bii, yolemera m'dzanja, ndipo amakupatsira pa mbale ndi foloko. Ukapitirira Silverest imayamba kutalika. Pofika m'tauni ya Chongwe, makilomita pafupifupi 45 kuchokera pakati pa Lusaka, yasanduka chibenthu chachikulu chofufuma, chofiirira, chokulungidwa m'pulasitiki pambali pa masikono ndi mabanzi. Dzina ndi limodzi. Koma ndalama imene ungagulire kachidutswa ka ku bwalo la ndege, kuno ikugulira yako, ya mnzako, n'kutsalanso ya vitumbuwa.

Ntchito imandiyendetsa msewu umenewu kawirikawiri, ndipo ndinalowa chizolowezi chogula brownie paliponse pamene ndaiona: m'malo omwera khofi a ku Waterfalls pa mphambano ija, m'masitolo akuluakulu okhala ndi bekale mkati, pa malo othirira mafuta, ngakhale kwa amayi amene amaphikira kunyumba n'kumalandira maoda pa WhatsApp. Anzanga amaseka kuti munthu wamkulu ndithu kumataya ndalama pa tizakudya ta ana. Aseke. Chimene chandigwira ine si shuga, koma funso limene limabuka ndikaika ziwiri pamodzi patebulo: kodi iyi ndi yoipa, kapena anangoiphikira munthu wina osati ine?

Sindidyera pomwe ndagula. Ndimapita nayo kunyumba kuti izizire, chifukwa chilichonse cha shuga ndi mafuta chikakhala chofunda chimakoma, ngakhale chikhale cha dzana. Ndimadula pakati n'kuyang'ana mpeni. Ukatuluka wopakika zakuda zomata, ndadziwa kuti mafuta ndi chokoleti zaposa fulawa. Ukatuluka woyera, nyenyeswa zili mbwee patebulo, ndadziwa kuti ndagula keke. Kenaka kununkhiza. Koko weniweni amamveka mphuno ikadali patali, ndipo pa lilime amasiya kakuwawa kamene kamatsalira shuga atapita. Ndikatha imodzi ndimamwa madzi, osati tiyi, ndisanagwire inzake. Theka ndimasungira mawa, poti yabwino ikagona imakoma kuposa dzulo, pamene yachinyengo m'mawa mwake yauma gwa. Ndipo ngati wogulitsa andilola kusankha, ndimaloza ya pakati pa chiwaya. Ya m'mbali ili ndi okonda ake, ena amachita kulimbirana ya pakona, koma luso la wophika limaonekera pakati.

Chakudyachi kwawo ndi ku America. Hotela ya Palmer House ku Chicago imanena kuti ndiyo inayamba kuchiphika mu 1893, pamene Bertha Palmer anapempha ophika kuti akonzere amayi obwera ku chiwonetsero chachikulu cha chaka chimenecho kanthu kotsekemera kokwana m'kabokosi ka chakudya chamasana. Buku la zophikaphika la Fannie Farmer la 1896 lili ndi brownie yopanda chokoleti n'komwe. Ya chokoleti inalowa m'buku lomweli mu 1906. Ngakhale kwawoko sichinabadwe ndi nkhope imodzi, ndipo mpaka lero eni akewo amatsutsana: ena amafuna yonyowa ndi yomata, ena yofufuma. Izi ndimazikumbukira ndikamva munthu wa m'tauni akunyoza ya ku Chongwe kuti si brownie yeniyeni.

Yonyowayo imafuna chinthu chimodzi chimene kwa ife n'chovuta: kuitulutsa mu uvuni pakati pake pakadali pofewa. Imapitiriza kupsa ndi kutentha kwa chiwaya, n'kulimba ikamazizira. Ukawonjezera mphindi zisanu zokha, yatha. Tsono ife tinaleredwa kuti chosapsa n'chamanyazi. Mtsikana akapakula nsima yosapsa mudzi wonse umamva, ndipo wonyozedwa amakhala amene anamulera. Agogo anga nditawapititsira imodzi mwa zodula zija, anaitsina ndi zala ziwiri, n'kuyang'ana zalazo, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe mwana, akugulitsa chosapsa. Kabweze kwa eni ake."

"Agogo, ndi mmene amaphikira."

"Ndiye kuti sadziwa kuphika."

Anaipereka kwa tiana tinali pakhomo, iwo n'kuitanitsa sikono yoviika mu tiyi.

Mayi wina wophika makeke a maukwati ndi a makicheni pate kufupi ndi Chalimbana anandiuza zomwezo, koma iye monga wogulitsa. Yonyowa amaidziwa bwino. Anaiphunzira pa foni. Ataiika pa kantemba, ogula anayamba kumubwezera. "Bambo, munthu akatulutsa ndalama yake amafuna aone chinthu chachikulu, amwere tiyi, akhute," anatero. Ndiye anawonjezera fulawa, anathiramo baking powder, n'kumaisiya mu uvuni mpaka kamtengo kolasira pakati katuluke kouma. Imene imakhala pa kantembapo tsopano ndi keke ya chokoleti yodulidwa makona anayi. Kodi walakwa? Ine ndikuti ayi. Akuphikira anthu amene ali nawo.

Boma lino la Chongwe ndi la Asoli, amene chaka ndi chaka amapempha mvula pa mwambo wa Chakwela Makumbi motsogozedwa ndi mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo anthu kuno amadziwa kuti mvula ikakana suvutika munda wokha. Mu 2024 inakana. Pa 29 Febuluwale pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi atatsika ku Kariba malaiti anayamba kuyenda, mpaka nthawi ina kumazima maola 21 pa tsiku. Malo akuluakulu anayatsa majenereta, mtengo wa dizilo n'kuugawira ogula pa mbale iliyonse. Mayi uja anabwerera ku mbaula.

Ndinamuona akuphika. Mchenga pansi m'chipoto chachikulu, chiwaya cha brownie pamwamba pa mchengawo, chivundikiro cha lata, kenaka malasha oyaka pa chivundikiropo, ochuluka kuposa a pansi. Choyezera kutentha alibe. Amatambasula dzanja pamwamba pa poto, kuwerenga chamumtima, n'kuchotsako khala limodzi kapena awiri ndi supuni. Mabuku amati madigiri 180 kwa mphindi 20 kapena 25. Iye amamvera mphuno. Ya tsiku limenelo inapserera pang'ono m'mbali, inali ndi kafungo ka utsi chapatali, ndipo pakati, poti moto wa pansi unachepa, panatsala pofewa. Mwangozi anaphika ija ogula ake amakana. Anayamba kupepesa, ine n'kumufunsa mtengo wa chiwaya chonse.

Magetsi linali vuto limodzi. Lina linachokera kutali. Zambia silima koko wogulitsa. Mtengo wa koko umafuna kutentha ndi chinyezi chaka chonse, pamene kuno tili pamtunda, ndi chisanu cha Juni ndi Julaye komanso miyezi yambiri yopanda dontho la mvula. Ena mwa oyandikana nafe amene amalima ndi a ku Kyela, ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Koko woposa theka la wa dziko lonse lapansi amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, ndipo kumeneko nyengo yoipa ndi matenda a mitengo zinagwetsa zokolola. Tani imodzi, imene kumayambiriro kwa 2023 inali pa madola pafupifupi 2,500, inadutsa 10,000 mu Malichi 2024, n'kudutsanso 12,000 mu Disembala. Tirigu timalima tokha mothirira ku Mkushi ndi ku Chisamba, shuga ndi wa ku Nakambala ku Mazabuka, mazira ndi a m'makola a konkuno. Koma chimene chimapatsa brownie mtundu ndi fungo chimagulidwa ndi madola.

Zonsezi zinamveka pa lilime, ndipo m'pamene ophika anasiyanirana. Ena anachepetsa chidutswa n'kusunga kukoma. Ena anakweza mtengo n'kunena poyera chifukwa chake. Ena anasunga kukula, mtengo ndi kuda kuja, n'kubamo koko. Umaluma chinthu chakuda bii, koma fungo palibe, shuga yekhayekha. Pena umazindikira kuti athiramo ufa uja wopangira chakumwa cha chokoleti, womwe mbali yake yaikulu ndi shuga kale. Pena ndi mafuta amene amaulula. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake chokoleti chenicheni chimatha chokha m'kamwa. Chotchipa chophikira chija, chimene anachotsamo mafuta a koko n'kuikamo ena olimba a mbewu zina, sichisungunuka msanga. Chimasiya kautoto kumwamba kwa m'kamwa, kamene umakhala ukukapala ndi lilime mpaka kukafika pa siteshoni ya minibasi.

Majarini sindikutsutsa. Batala ndi wodula pa chifukwa chomveka: kilogalamu imodzi imadya malita a mkaka oposa 20. Ngakhale m'boma lino, lomwe lili ndi sukulu ya ulimi wa ng'ombe za mkaka ku Palabana ndi tchizi cha Kaposhi cha ku Chaminuka, batala si wa m'khitchini iliyonse. Brownie ya majarini yokhala ndi koko wokwanira imaposa ya batala yomanidwa koko. Chimene ndimakana ndi kulemba batala pa bolodi la mitengo, m'mbale muli zina.

Chinyengo chachikulu ndachipeza kumene kuli mipando yofewa ndi nyimbo zapansipansi. Brownie yogona masiku angapo amaiponya mu microwave masekondi ochepa, kuithira msuzi wa chokoleti, n'kuikapo ayisikilimu pamwamba. Kutentha kumaifewetsa, kuzizira kwa ayisikilimu kumagonetsa lilime, msuzi n'kuphimba zotsala. Wadya, wakondwa, walipira. Ukapempha kuti akupatse yokhayokha, yozizira, m'kapepala, ena amakuyang'ana modabwa. Pamalo ena mtsikana wogulitsa anayang'ana uku ndi uku n'kundinong'oneza kuti, "Ankolo, mubwere mawa, iyi ndi ya Lolemba." Tsikulo linali Lachinayi. Malo amenewo ndimapitakobe, chifukwa cha iyeyo.

Za m'masitolo akuluakulu sindinena zambiri. Zimafanana, zimatsekemera mopitirira, ndipo kirimu wa pamwamba amachindikala kuposa pofunika. Ana amazikonda.

Poyerekeza, ndimayamba ndafunsa kuti iyi anaiphikira ndani. Youma ya m'tauni ya Chongwe ndimaiyesa ndi tiyi wa mkaka, poti ndiyo ntchito yake. Ikamwa tiyi osaphwasuka, koko n'kumveka, yakhoza, ndipo ndiigulanso. Yonyowa ya ku Waterfalls ndimaiyesa yokha, kuyambira pa kachikopa kake konyezimira, kong'alukang'aluka, kamene kamabwera pokhapokha shuga atasungunuka bwino m'mazira ndi m'mafuta ofunda. Wophika wothamanga sakapeza. Pa mtengo umene amatchula kumeneko ndili ndi ufulu wofuna zonse: kachikopako, fungo, pakati pofewa, ndi kuti ikhale ya lero. Kuziika ziwirizi pa sikelo imodzi n'kulakwira ophika onse awiri. Pamene sindiwasiyanitsa ndi pa funso lachiwiri, loti zimene maso alonjezedwa zilimodi m'katimo kapena ayi. Pamenepo mayi wa pa kantemba, amene amanena yekha kuti ake ndi majarini ndipo koko amayeza ndi supuni, amapambana malo ena okhala ndi operekera zakudya ovala yunifolomu.

Ya ku Chicago amaikamo walnut, ndipo malo ena kuno amalimbikirabe mtedza wakunja umenewo, womwe pena umafika utayamba kale kununkha mafuta akale. Chonsecho nshawa zili pa msika uliwonse, kuphatikizapo Chalimbana, mtundu uja wa njere zikuluzikulu umene alimi a ku Chipata ndi a m'chigawo chapakati ku Malawi akhala akulima kwa zaka zambiri. Mayi wa mbaula uja amazikazinga ndi kamchere, kuzifikisa m'manja kuti makoko achoke, kuzipeta, kuzisinja mwapatalipatali m'kamtondo, ndiyeno theka amasakaniza m'kati, theka amawaza pamwamba. Mchere umadzutsa koko, moti amachepetsako shuga popanda wina kudandaula. Tsopano akuphika mitundu iwiri: yofufuma ya pa kantemba, ndi yonyowa ya nshawa imene amaphika Lachisanu pa oda, makamaka ya ophunzira a pa yunivesite ya Chalimbana ndi aphunzitsi awo. Imeneyo amaidula tating'onoting'ono, ndipo wogula watsopano aliyense amamuchenjeza asanalipire: "Pakati m'pofewa, koma yapsa. Musandibwezere."