Mabokosi a Zipolopolo a Madoda a ku Longacres

M'zaka za m'ma 1960, ndili mnyamata wotumidwatumidwa m'maofesi a boma, alonda ndi amesenjala ambiri a cha ku Longacres, muno mu Lusaka, anali asilikali akale a Northern Rhodesia Regiment. Unkawazindikira ali patali: msana uli njo, nsapato zopukutidwa bwino ngakhale zitatha kuphazi. Ndipo ambiri a iwo, ukasuzumira pansi pa benchi kapena kunsi kwa bedi kunyumba, unkapeza bokosi lachitsulo lobiriwira lomwe kale munkakhala zipolopolo.

Mabokosiwo sanali okongola. Penti anali atasupuka m'makona, manambala a m'mbali atafufutika, chotsekera chake cholimba moti mwana sakanatsegula popanda kudzipana chala. Koma m'nyumba za masiku amenewo munalibe chosungiramo zinthu choposa pamenepa. Chiswe chinkadya masutikesi a matabwa, makoswe ankaboola madengu, mvula ikadontha inkanyowetsa zonse, koma bokosi la zipolopolo silinkalowa kanthu. Wina ankasungamo mbewu ya chimanga ndi nthanga za maungu zochokera kwawo ku Katete kuti anankafumbwe asazione. Wina ankaikamo nyundo, zisongole ndi ulusi wosokera nsapato. Mdala wina wa pageti pafupi ndi Haile Selassie Avenue ankanyamuliramo mbatata yophika, madzulo n'kulisandutsa mpando.

Amalume anga ankakhala ku Kabwata, ndipo lawo sankalola munthu kulikhudza. Azakhali ankadandaula kuti bokosilo likadakhala lothiramo ufa, amalume n'kungoseka. Munali kabuku kowatulutsira usilikali, mamendulo okulungidwa m'kansalu, lumo lometera, chithunzi cha anyamata ovala zipewa zopinda mbali imodzi, ndi makalata amene kalaliki wa kumishoni ankawalembera amayi awo. Pambuyo pa ufulu wa 1964 anaonjezamo chitupa chatsopano cha Zambia ndi malisiti a fizi ya ana.

Lamlungu masana anzawo ankabwera. Ankakhala pamthunzi wa mango, chibuku chikuyenda, bokosi n'kutsegulidwa. Apa m'pomwe ife ana tinaphunzira mapu a dziko. Mmodzi anali wa ku Tug Argan, kumene mu Ogasiti 1940 anatchinga asilikali a Italy m'mapiri ouma a Somaliland kwa masiku angapo asanabwerere kugombe la Berbera. Iye nkhani yake inali ludzu basi. Amalume anali a ku Burma. Anakwera sitima yapamadzi kupita ku Ceylon, ndipo mu 1944 anatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, kulondola asilikali a Japan mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Ankasimba za misundu yolowa m'majombo, malungo, matope ofika m'mawondo, ndi chakudya choponyedwa kuchokera m'ndege.

Mkangano wawo sunkatha. "Achimwene, inu munkalira madzi, ife tinkagona m'madzi," ankatero amalume. Mnzawoyo ankayankha kuti munthu wonyowa amauma, koma wa ludzu amafa. Onse n'kuphulika chiseko. Koma chithunzi chija chikayamba kuyenda m'manja, phokoso linkachepa. Ankaloza mmodzimmodzi: uyu ali ku Petauke, uyu anapita kumigodi, uyu tinamusiya ku Kalewa. Sankanena zambiri za kuombera anthu, ndipo ife sitinkafunsa.

Mwezi wa Novembala, Lamlungu loyandikana ndi pa 11, mamendulo ankatuluka. Amalume ankawapukuta ndi phulusa usiku, m'mawa n'kuyenda wapansi kupita ku Cenotaph, chipilala chokumbukira ofera kunkhondo, pa Independence Avenue. Kumeneko lipenga likalira, madoda amene sabata yonse ankatsegulira ena mageti ankaima ngati mitengo ya mibawa. Kunkhondo anabwerako ndi zochepa, ambiri anakalambira pa ulonda, koma tsiku limenelo palibe bwana amene ankawaposa.

Lero mayina a malo amene ankatchula aja ali pazikwangwani. Arakan Barracks ili muno mu Lusaka, ndipo Burma Road timayendamo tsiku ndi tsiku. Ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Chipata kuli Gondar. Boma linasunga mayina a malo. Mayina a anthu, nambala zawo za usilikali ndi nkhope zawo zinatsalira m'mabokosi aja.

Mwambowu sunafe. Ndaonapo makaniko wina ku Chelstone, yemwe anakasungitsako mtendere ku Sierra Leone, akutulutsa masipanala m'bokosi lotere, lamakono lokhala ndi labala pachivundikiro. Naye ukamuyamba, ntchito imaima. La amalume lili ndi mdzukulu wawo ku Woodlands, ndipo kabuku kaja kakuwerengekabe chilembo chilichonse.

Inu ana a masiku ano, anyamata ogula zitsulo zakale akamadutsa ndi wilibala m'makomboni, musathamangire kuwapatsa bokosi la agogo chifukwa lachita dzimbiri. Yambani mwalitsegula. Werengani mapepalawo, ajambuleni pafoni, ndipo ngati kunyumba kudakali wamkulu wodziwa nkhope za pachithunzi, mufunseni lero ndi kulemba mayinawo kuseri kwake.