Ndalama za Azakhali

Tchuthi chatha ndidapita kwathu ku Mwenilondo ndi kapulogalamu ka pafoni kamene ndidalembera amayi a banki mkhonde. Batani lililonse, losonkha, lobwereka, lobweza, linkasintha lokha chiwerengero cha ndalama. Ndinkadzitama nako.

Tsiku logawana, ndalama za m'bokosi zidachepa poyerekeza ndi za pafoni. Msungichuma adali azakhali anga. Maso onse adagwera pa iwo, ndipo madzulo ake mpunga udandikanika kummero.

Cholakwa chidali changa. Netiweki itachedwa, mlembi adadina kawiri batani lobweza, ndipo ndalama imodzi idalowa kawiri popanda chotsalira chosonyeza zimenezo.

Usiku ndidakumbukira Elm, chiyankhulo cha kompyuta chimene Evan Czaplicki adatulutsa mu 2012. M'menemo batani silikhudza chiwerengero. Limangotumiza uthenga, ndipo malo amodzi okha, otchedwa update, amatenga uthengawo ndi chiwerengero chakale nkutulutsa chatsopano. Ndidalembanso zonse motero, mauthenga ndikuwasunga pamndandanda, uliwonse ndi nambala yake kuti wobwera kawiri ukanidwe.

M'mawa ndidakapepesa pamaso pa gulu. Azakhali adangoti, "Wakonza, mwana wanga, koma kope langa sindisiya."