Nyimbo za Kwaya pa Kanema, Monga Ndizionera Kuno ku Chintheche

Kufikira chaka cha 1999, pamene Television Malaŵi inayamba kuulutsa zithunzi, ambiri a ife tinkadziŵa oimba ndi makutu okha. Tinkamva Alleluya Band ya ku Balaka pa wailesi ya MBC, koma nkhope za anyamatawo aliyense ankadziumbira yekha mumtima. Lero mwana wa Sande Sukulu akafuna nyimbo pa foni sanena kuti "ndimvereko," amati "ndionereko." Kwaya imene ilibe kanema imadziyesa yotsalira, ndipo ndalama zimene kale zikadagula malata a tchalitchi tsopano zimasonkhedwa kuti aitane wojambula.

Ine sindili m'gulu la odana ndi makanemaŵa. Ndimawakonda ndithu, ndipo amene ndawakonda ndimawaonera kaŵiri: koyamba ndi mawu ake, kachiŵiri nditatseka mawu. Ulendo wachiŵiriwu ndiwo umaulula zambiri, pakuti nyimbo yokoma imaphimba zolakwa za chithunzi monga nsuzi wokoma uphimba nsima yosapsa.

Makolo anzanga ena sadziŵa m'mene kanema amapangidwira. Oimba amayamba ajambula mawu m'studiyo. Tsiku lina amapita ku mchenga, wojambula nkuika nyimbo ija pa sipika, iwo nkumatsata ndi milomo. Amabwereza motero pa malo anayi kapena asanu, kusintha yunifolomu pa malo alionse. Pambuyo pake munthu mmodzi amakhala pa kompyuta, nadula zithunzizo tizidutswa, nazilumikiza monga mmisiri alumikiza nsalu. Munthu ameneyu saoneka m'kanema, dzina lake sitilisamala, komatu ndiye amalamula chimene maso athu adzaone ndi nthaŵi imene adzakhalepo.

Kadulidwe kake ndiko ndimayamba kuyang'ana. M'makanema a Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle, amene tinkaonera m'tinyumba ta vidiyo m'masiku a kwasakwasa, kamera inkakhalitsa pa ovina, kotero kuti mnyamata ankatuluka atagwira kavinidwe. Chizoloŵezi cha kudula msangamsanga chinafala ndi MTV ya ku America, imene inayamba mu 1981, ndipo ana athu achitengera chonse: ng'oma ikagunda, chithunzi chasintha. Pa nyimbo ya chimwemwe zimenezi zimayenera. Koma nyimbo ya kulapa ili ndi mpweya wake. Mzere umayamba, ukwera, nutsika, ndipo woimba amapuma. Wolumikiza akadula katatu mkati mwa mzere umodzi, woonera sapeza mpata woti mawuwo akhazikike mwa iye.

Ife a kunyanja tiyenera kuzindikira ichi msanga, chifukwa tinakulira pa malipenga. Kukoma kwa malipenga kuli pa mzere wonse wa amuna, onse kunyamula mwendo nthaŵi imodzi, kutembenuka pamodzi, mosafulumira. Ndinaona kanema wina amene anaonetsa nsapato, kenaka chipewa, kenaka nyanja kuchokera kumwamba, kenaka nsapato ina. Anthu anavina bwino tsiku limenelo, koma gule sanaloŵe m'kanemamo. Chilimika cha amayi nachonso chimafa imfa yomweyo.

Chimene chimandilemera koposa ndi ichi. Zaka zoposa 100 zapitazo munthu wina wa ku Russia, Lev Kuleshov, anaonetsa anthu nkhope imodzimodzi ya mwamuna, koma koyamba anailumikiza ndi mbale ya chakudya, kenaka ndi bokosi la maliro, kenaka ndi mkazi. Oonera anati poyamba munthuyo ali ndi njala, kenaka ali ndi chisoni, kenaka ali ndi chilakolako, chonsecho nkhope sinasinthe. Zithunzi ziŵiri zikatsatana zimanena mawu amene sanatuluke pakamwa pa munthu. Tsono taonani makanema athu a uzimu. Woimba akatchula madalitso, chithunzi chotsatira ndi galimoto yonyezimira, imene tonse tikudziŵa kuti ndi yobwereka. Akatchula umphaŵi kapena tchimo, amationetsa nyumba ya udzu ndi mayi wosenza chinangwa. Mwana woonera waphunzira kale kuti wodalitsika ndi wa galimoto, ndipo agogo ake a kondowole Mulungu anawadumpha. Mlaliki atanena zimenezi pa guwa, Seshoni ikhoza kumuitana sabata lomwelo. Koma kanema amalalikira uthenga womwewo m'nyumba zathu usiku ulionse popanda womufunsa.

Nanga nyanja? Mchenga woyera wa Chintheche ukudziŵika kutali, makamaka chiyambire chikondwerero cha Lake of Stars chimene chinachitikira kuno koyamba mu 2004, ndipo ojambula amaukonda. Koma nyanja ya m'makanema ndi nyanja yopanda anthu. Ndinaona ndi maso anga wojambula wina akupempha asodzi kuti asunthe mabwato awo, amayi achotse ziŵiya, ana atuluke m'madzi, ndipo kamera anaitembenuza kuti thandala la usipa lisaoneke. Kwaya inaimirira pa mchenga wosesedwa monga alendo a pa hotela. Zinandiŵaŵa, pakuti mpingo wa kuno, kuyambira pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, wamangidwa ndi zopereka za anthu omwewo a chilimira ndi a minda ya chinangwa, pamodzi ndi za ana awo amene ankatumiza kuchokera ku Joni. Ndiponso ophunzira oyamba a Ambuye anaitanidwa ali pa makoka awo, fungo la nsomba lili m'manja.

Kanema amene ndimamukonda koposa onse ndi wa amayi a Umanyano a mpingo wina wa m'mbali mwa nyanja muno. Anajambulidwa ndi kamera imodzi, m'mamaŵa, dzuŵa lili kumbuyo kwa wojambula, kotero kuti nkhope zonse zikuoneka bwino pansi pa maduku oyera. Ndinaŵerenga: m'nyimbo yonse anadula kasanu ndi kamodzi basi, ndipo nthaŵi zonse pa mathero a ndime. Pa ndime yachitatu kamera imayandikira mayi wina wachikulire, nikhala pa iye kufikira mzere utatha. Mitsempha ya pakhosi pake ikuonetsa kuti akuimbadi, sakungotsata sipika. Kumbuyo kukudutsa bambo wina atasenza nkhafi, ndipo patali pa madzi pakuoneka nkhungu ngati utsi. Palibe anamuthamangitsa bamboyo. Zoterezi sizikoma kwa ife okalamba tokha ayi. Patience Namadingo ataimba pamodzi ndi Giddes Chalamanda mu 2020, pambuyo pake achinyamata a maiko ambiri anathamangira nyimbo ya Linny Hoo pa TikTok, ndipo chinawakoka ndi liwu ndi chisangalalo cha gogo wobadwa mu 1930.

Kwaya ya achinyamata ya pa mpingo wathu ikukonzekera kujambula mwera ukaleka. Pa msonkhano wawo ndinapempha zinthu zitatu: asabwereke galimoto, asasunthe bwato la munthu, ndipo mmodzi wa iwo akakhale pambali pa wolumikiza zithunzi ali ndi mawu a nyimbo m'manja. Ziŵiri zoyambazo anavomera mosavuta, popeza zikuchepetsa ndalama. Pa kandege kojambulira kuchokera kumwamba tinakangana kufikira dzuŵa litapendeka. Iwo ankafuna kuti kaoneke pa ndime iliyonse, ine ndinkati tikasiye. Mlembi wa kwaya analemba kuti kadzauluka kamodzi, nyimbo isanayambe.