Kwa Nchema perete adatsalira m'gule wa beni

Msewu wochoka ku Limbe kupita ku Zomba umacheka mbali ya boma la Chiradzulu, kudutsa pa Njuli ndi pa Mbulumbuzi mpaka kukafika pa Namadzi. Wokwera minibasi amangoona tomato, kabichi ndi mbatata zili milumilu m'mphepete, koma msewuwu uli ndi mbiri yakenso. Anyamata a m'midzi iyi ankadzera momwemu popita kukalembetsa usilikali ku Zomba, ndipo amene adachita mwayi wobwerako amoyo adatsikiranso momwemu, bokosi lachitsulo lili pamutu. Ndidatsika pamsewupo n'kukwera kabaza kulowera m'midzi ya Mfumu Yaikulu Nchema kuti ndikaone mmene amakhalira anthu amene adavula yunifolomu, komanso zimene makolo awo a gulu la asilikali la Keyala adasiya.

Chidali chilimwe, nandolo atauma m'minda, phiri la Chiradzulu likuonekera mwa apo ndi apo mu utsi wa lupsa. Chimene diso limayamba kuona kuno ndi kuchepa kwa malo. Munda wa uyu wathera pakhonde la uje, manda ayandikana ndi dimba, ndipo thengo loti mbuzi n'kusocheramo palibe. Vutoli si la lero. M'nthawi ya atsamunda malo ambiri a boma lino adali m'manja mwa azungu, monga esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo wokhalapo ankagwira thangata pamwamba pa msonkho wa nyumba. Mnyamata wachiyao kapena wachilomwe wopanda munda wakewake ankaona kuti ku King's African Rifles, imene anthu ankangoti Keyala, kuli chakudya, chovala ndi kandalama ka pamwezi.

Mlendo salowa m'mudzi mozemba, choncho ndidayambira kwa anyakwawa. Atamva chimene ndadzera, adandipatsa mnyamata woti andiperekeze kwa gogo wina wamkazi amene bambo ake adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tidawapeza pamkeka akusola nandolo. Titalonjerana adatuma mdzukulu kukatulutsa bokosi lakuda, la dzimbiri m'makona. M'katimo mudali mendulo zingapo zomangidwa m'kansalu, lamba wouma gwa, ndi kabuku kosonyeza tsiku limene mwiniwake adatulutsidwa usilikali. Dzina la dziko limene gogoyo adalitchula mosadodoma ndi Burma.

Anthu a Nyasaland oposa 25,000 adalowa usilikali pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Adamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia, adakafika ku Madagascar mu 1942, kenaka sitima zidawatengera ku Ceylon ndi ku India. Mu 1944 gulu la 11th East African Division, momwe mudali mabataliyoni a kuno, lidatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati, likulimbana ndi Ajapani, matope ndi malungo, mpaka kukafika pamtsinje wa Chindwin. Munthu amene adadutsa zoterezi ndiye adadzatsika pamsewu uja n'kuuzidwa kuti nkhondo yatha, katenge khasu.

Ndidafunsa gogoyo ngati bambo awo ankawafotokozera za kunkhondo.

“Ayi mwanangu, pakhomo pano sankayankhula,” adatero. “Koma akangobwera mnzawo wa ku Keyala, eee, ngati si omwe aja. Kuseka mpaka tambala woyamba.”

Adati madoda awiriwo ankakhala kuseri kwa nkhokwe, akusakaniza Chinyanja ndi Chiswahili chimene adatola ku Kenya, akuitanana ndi maina amene kumudzi sadali kudziwika. Ana akayandikira, nkhani inkaduka. Mlendoyo akapita, bambo aja ankakhala masiku angapo ali duu, chakudya akungochitola.

Apa ndipo pagona nkhani. Kuno n'kwa chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda ndi wa mbumba ya mkaziyo, ndipo mawu otsiriza pa ana amakhala ndi amalume awo. Tsono taganizani sajeni amene ankati akakuwa kamodzi amuna ambirimbiri n'kuima njo, lero wabwera kudzapatsidwa ndime ndi apongozi. Ena adapeza akazi awo atakwatiwa kwina poganiza kuti mwamuna adafa. Ndalama yothokozera nayo idali yochepa: msilikali wamba wachikuda ankawerengeredwa mashiling'i atatu ndi theka pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene mzungu wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i 10. Amene adagula njinga kapena makina osokera adapeza poyambira. Ena adakhala amesenjala a kwa DC, apolisi, akapitawo ndi madalaivala. Ambiri ndalama idatha, njala ya 1949 n'kuwapeza manja ali m'khosi, nalowera ku Salisbury kapena ku Joni, kumene moyo wa m'komponi, wogona ndi kudya pagulu la amuna okhaokha, udali wofananako ndi umene adauzolowera.

M'boma lomwe lino mudatuluka munthu amene adaziona izi zisadachitike. Mu November 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikire nkhondo ya ku Karonga, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, ndipo adzasiya amasiye opanda wowasamala. Boma lidatsekereza kalatayo. Pofika 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, idali itatenga asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 m'dziko lino. Amtengatenga ochuluka adafa ndi njala ndi matenda m'njira, ndipo obwerera adafikira mu mliri wa chimfine.

Titatsanzikana ndi gogo uja tidatsetsereka kupita pakamsika. Pansi pa mtengo wa mango padali bawo, ndipo mwa ozungulira bawoyo sikudali kovuta kuloza amene adakhalako msilikali. Malaya ake adali akale koma opisira bwino, nsapato zopukutidwa ngakhale fumbi lidali paliponse, msana woongoka. Mkuluyu adali m'gulu la asilikali a Malawi amene kuyambira 1987 adatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, nkhondo imene idatha ndi mgwirizano wa ku Rome mu October 1992. Lero amagwira ulonda ku Limbe, ndipo tsikulo adali pa tchuthi.

Za ndalama adangodutsapo mwachidule. Penshoni imabwera, koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sikwanira thumba la feteleza ndi fizi ya mwana nthawi imodzi. Pamene adakhazikika ndi pa anzake. Adafotokoza za kudya m'poto mmodzi, kugawana ndudu imodzi anthu angapo, kugona podziwa kuti wina ali maso chifukwa cha iwe. Adati kutchire munthu umazindikira mnzako ndi kakhosomoledwe kake mumdima. Kumudzi kuno ali ndi mkazi, ana ndi adzukulu, kumpingo adampatsa udindo, pamaliro ndiye amalongosola adzukulu okumba manda, komabe amadzuka mbandakucha n'kukhala pakhonde osadziwa kuti alowere kuti, chifukwa palibe lipenga lomuuza chochita.

“Achimwene, anthu akandiona amangofunsa kuti mudapha angati,” adatero akuseka pang'ono. “Palibe amafunsa kuti mudataya angati.”

Anzake a pabawo adangoti zii, kenaka wina adaponya nkhomo masewera n'kupitirira. Pambuyo pake mnyamata wondiperekeza uja adandinong'oneza za msilikali wina wopuma wa mudzi woyandikana nawo amene chibwerereni amadzidzimuka usiku, sapirira phokoso la makombola a pa Khirisimasi, ndipo dzuwa likamatuluka amakhala ali kale pa kachasu. Abale ake ena amati adalodzedwa, ena amati ndi mizimu ya anthu a kunkhondo. Madokotala amati ndi bala la m'maganizo limene limatsalira munthu akaona zoopsa, ndipo limachizika. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba sichili kutali ndi kuno, koma munthu amene adaphunzitsidwa kuti msilikali salira savomera msanga kukwera minibasi yopita kumeneko, poopanso kuti mudzi umutcha wamisala.

Mbadwo watsopano nawo uli m'njira yomweyi. Mu 2013 asilikali a Malawi adayamba kutumikira kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Mu November 2018 asanu ndi mmodzi adaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni, ndipo mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, adafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene adavulala. Mu 2019 bungwe la United Nations lidampatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene mkazi wake adakalandira ku New York. Zimene adachita Chitete zikusonyeza kukula kwa ubale umene anthuwa amausiya akamavula yunifolomu. Achinyamatawa ali ndi mwayi umene a Keyala adalibe: foni. Amakumana pa magulu a WhatsApp, kusonkherana pa maliro ndi kuuzana kumene kwapezeka ntchito. Koma foni sikhala nawe pakhonde mbandakucha.

Dzuwa litapendeka tidamva ng'oma chakumtunda, wenzulo akulira pamwamba pake. Pabwalo tidapeza gulu la beni likukonzekera chinkhoswe cha kumapeto kwa sabata. Amuna adandanda m'mizere, ena atavala makabudula a khaki ndi masokosi ofika m'maondo, ena zipewa zokhala ndi nthenga, pachifuwa atapachika zitsekerero za mabotolo m'malo mwa mendulo. Kutsogolo kudali mtsogoleri ndi ndodo yake m'khwapa, akuyendera mzere ndi nkhope yolusa mwadala, amayi akuthira mang'ombe ndi nthungululu kumbali. Wenzulo akalira mzere wonse unkatembenuka pamodzi, phazi n'kumenya pansi, fumbi kobo! Kenaka mwadzidzidzi kuuma kwa perete kunkasungunuka, mapewa ndi ziuno n'kuyamba kunjenjemera, anthu n'kufa nacho chiseko.

Gule ameneyu adayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku East Africa, ndipo adafala kuno ndi asilikali ndi amtengatenga obwerera ku nkhondo ya Chiwaya. Kum'mwera adakhazikika kwambiri pakati pa Ayao, pamene ku Nkhata Bay ndi ku Karonga kuli malipenga, m'chigawo chapakati mganda. Ambiri amamuona ngati sewero lonyogodola azungu, ndipo mbali imeneyo ilipodi. Koma utaima pabwalopo umaona chinanso. Anthu obwera kunkhondo adadzipangira okha chimene boma silidawapatse: gulu lokhala ndi maudindo, nthawi yokumana, yunifolomu, malamulo ndi chindapusa kwa wochedwa. Mkamwini wopanda mawu kwa apongozi ankati akafika pabwalo n'kukhalanso sajeni. Zoopsa zimene sankatha kuzinena pakhomo ankazivina poyera mudzi wonse ukuona, mpaka mudziwo udazilandira kukhala zake.

Mkulu wa ku Nacala uja adatitsatira. Poyamba adaima patali manja ali kumbuyo. Ataona mnyamata wina akutembenukira kolakwika adalephera kupirira, adalowa mumzere n'kumugwira mapewa, kumuonetsa poponda. Sadavine, koma sadachokenso mpaka ng'oma zidaleka, ndipo anyamatawo adayamba kumutchula kuti akulu a perete. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Kuchokera kuno kupita ku Zomba ndi ulendo waufupi. Kumeneko, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nsanja ya chikumbutso cha asilikali a Keyala ndi nyumba zosungirako asilikali okalamba. Chaka chilichonse mu November akuluakulu a boma amavala duwa lofiira la popi n'kukaika nkhata, ndipo bungwe la Veterans and Ex-Service Members League of Malawi limatolera thandizo. Zimenezi n'zofunika, koma zimachitika tsiku limodzi, m'tauni. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene adafa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a mu Africa, sadakumbukiridwe ndi maina awo, mwinanso sadakumbukiridwe n'komwe. Ena mwa iwo adachokera m'midzi ngati iyi, ndipo maina awo atsala m'mitu ya agogo amene akutha.

Zimene zikusoweka kwa Nchema sizofuna ndalama zambiri. Mafumu angathe kuitanitsa mabanja amene ali ndi mabokosi ngati lija kuti maina, magulu ndi maiko amene makolo awo adapitako zilembedwe m'kaundula wa mudzi, ana a sukulu n'kumawerenga. Bungwe la asilikali opuma lingathe kukhala ndi nthambi pa dera la mfumu yaikulu iliyonse, yokumana mwezi ndi mwezi, mlangizi wa za maganizo n'kumabwerako kuti wovutika asachite kukamusaka yekha. Magulu a beni nawo asamangoitanidwa kukabwera nduna; awaitane anthu amene adaguba perete weniweni kuti adzawaphunzitse.

Ndipo inu amene muli ndi msilikali wopuma pakhomo, kaya ndi bambo, amalume kapena mlongo wanu, musamufunse kuti adapha angati. Mufunseni maina a anzake ndi kumene ali, ndipo akafuna kukawaona, mupezereni ya minibasi apite.