Kuseri kwa Galaja ku Biwi

Ukachoka ku depoti ya mabasi mu Lilongwe n'kutsata msewu wa M1 ngati wopita ku Blantyre, phokoso limasintha usanapite patali. Kukuwa kwa oitanira kumatsalira m'mbuyo, kutsogolo kumamveka nyundo, magalayindala ndi injini zimene akuziyesa atachotsa paipi ya utsi. Apo ndiye kuti wafika ku Biwi Triangle. Galimoto zimabwera kuno zikudwala. Zambiri zimatuluka tsiku lomwelo, zina zimagonekedwa sabata, koma ziliponso zimene zinalowa kalekale moti anyamata ogwira ntchito m'magalajamo anazipeza, ndipo nkhope za eni ake sazidziwa.

Land Rover ya alamu anga ili m'gulu lomalizali. Anaigula isakuyenda kwa mkulu wina wopuma pantchito, poganiza kuti aziidzutsa pang'onopang'ono malipiro akamalowa, kuti izidzawanyamulira feteleza ndi chimanga kumunda kwawo ku Mitundu. Mwini galaja ndiye anadula nkhani ndi foni imodzi: malo akufunika mvula isanagwe, aichotse kapena aigulitse. Achemwali anga anandituma kuti ndiwaperekeze amuna awo ndikadzionere ndekha, pakuti iwo anatopa ndi yankho lomwelomwelo lakuti "yatsala pang'ono."

Geti la galajalo ndi la malata akale owotcherera pa mapaipi. Ukangolowa, dothi ndi lakuda bii, lolimba ndi oyilo wa zaka zambiri. Kumaso kuno n'kumene kuli ndalama. Pali Sienta, Vitz, Probox, ka Mira, galimoto za ku Japan zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Eni ake sachokapo, foni kumanja, maso pa makaniko, chifukwa zambiri ndi zonyamula anthu ndipo ikakhala pa jeke ndiye kuti kunyumba ndiwo zavuta. Mnyamata wina anali atalumikiza kakompyuta pansi pa chiwongolero cha Sienta, akuwerenga nthenda yake pa sikirini. Chapakati pali owongola mabodi ndi owotcherera. Magetsi anali atathima, choncho ankalimbana ndi minibasi yogundidwa kumaso ndi moto wa gasi. Sitinachedwepo.

Kuseri ndi dziko lina. Kulibe nyundo, ndipo udzu wouma umafika m'mawondo. M'mbali mwa mpanda mwandandalika galimoto zokhala pa njerwa ndi pa zitsa: Peugeot 504 yopanda magalasi, Nissan 1400 imene mwini wake anabwera nayo kuchokera ku Joni n'kubwerera osaitenga, Mercedes-Benz yakale imene nkhuku za mlonda zimaikiramo mazira. Mwini galaja ankatiuza mbiri ya iliyonse tikudutsa, ndipo mbiri zonsezo zinkathera pamodzi: mwini wake anati abwera mwezi ukatha.

Ya alamu inali pakona, pansi pa mtengo wa mango. Ndi Series III, yaitali ija ya mainchesi 109 kuchokera pa tayala la kutsogolo kufika la kumbuyo. Mtundu umenewu ankaupanga ku Solihull, ku England, kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo amene anakula zaka zimenezo amaukumbukira ndi apolisi, achipatala, ansembe a ku mishoni ndi mabwana a m'maesiteti a fodya. Ukaiona uli chiimire imanyenga. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, imene sichita dzimbiri lofiira lija. Kampani yopanga galimotozi inayamba kuigwiritsa ntchito pa Land Rover yoyamba mu 1948 chifukwa chitsulo chinkasowa nkhondo yachiwiri itangotha. Ndiye ngakhale penti yobiriwira inasuluka ndipo zitosi za mbalame zadzaza pa boneti, zitseko ndi m'mbali monse zili gwa. Alamu anaisisita pa khomo.

"Mukuona, alamu? Palibe chibowo ngakhale chimodzi."

Makaniko amene wakhala akuigwira ndi bambo wachikulire, wa imvi, wosayankhulayankhula. Sanatsutse. Anayala katoni pansi, natenga nyundo yaing'ono ndi sikuludiraiva.

"Lowani kunsi, achimwene. Nkhani ili kumeneko."

Ndinakwawa. Tchesisi ya Land Rover ya mtundu umenewu ndi ya chitsulo wamba, chopindidwa ngati bokosi lalitali. Matope amalowa m'kati, madzi amakhalamo, dzimbiri n'kumadya kuchokera m'kati kupita kunja, moti pofika poonekera limakhala litamaliza kale. Bamboyo anayamba kugogoda kutsogolo. Chitsulo chinkalira ngwee. Pakati, chimodzimodzi. Atafika kumbuyo kulira kunasintha, kunangoti phu, ndipo atakankha sikuludiraiva pa chitsulo chopingasa chimene chimagwira chokokera ngolo, inalowa yonse mpaka chigwiriro. Makoko a dzimbiri anandigwera kumaso. Tizitsulo totuluka m'mbali togwira bodi tiwiri tinali titadyeka. Khoma lolekanitsa injini ndi okwera nalonso ndi lachitsulo, ndipo popondera dalaivala ndinkaona denga la galimoto ndili chigonere pansi.

Zonsezi n'zotheka kuwotcherera, anatero bamboyo, koma uyenera kuchotsa bodi yonse kaye kuti udule chowola mpaka upeze chitsulo chamoyo. Kumata chigamba pamwamba pa dzimbiri n'kunamiza mwini galimoto, ndipo iye sachita. Ku Britain amagulitsa tchesisi yatsopano yosachita dzimbiri, koma mtengo wake ndi wa mapaundi, kuwonjezapo sitima ndi msonkho.

Mu boneti munalibe kanthu koma masamba a mango. Injini, ya petulo ya malita 2.25, inali kumbuyo konyamulira katundu, yomasulamasula, yofunditsidwa thumba la feteleza. Buloko anakaikonzetsa kwa a makina kalekale, ndalama n'kulipira, koma poti sanaimange nthawi yomweyo m'masilinda mwayambanso dzimbiri, ndipo iyenera kubwerera komweko. Matayala anayi amene alamu anagula atsopano ang'aluka m'mbali ndi dzuwa asanapondepo phula. Mawaya anadya makoswe. Mabuleki anagwirana. Kabuleta, sitata ndi olitaneta sizinaoneke, ndipo aliyense amene tinamufunsa ankaloza mnzake amene anasiya ntchito.

"Sipeya ikakhalitsa imamera miyendo, bwana," anatero mwini galaja, osachita n'komwe manyazi.

Apa m'pamene ndinayamba kusiyana maganizo ndi alamu. Iwo ankawerenga ngati ntchito inaima pamene anaisiyira, kuti tsiku lililonse akhoza kudzapitiriza. Koma galimoto yoima siidikira munthu. Mvula iliyonse imachotsako kanthu, ndipo zina zimene analipira kale ayenera kudzalipiranso.

Palinso china chimene sindikanachiganizira. Anyamata a kumaso kuja safuna kuigwira Land Rover imeneyi. Masipanala awo ndi a mamilimita, a galimoto za ku Japan, pamene mabawuti ambiri a iyi ndi a mainchesi. Ukakakamiza umangofafaniza mutu wa bawuti. Amene ali ndi masipanala oyenera, komanso khutu lotchera kabuleta popanda kompyuta, ndi bambo wa imviyu, ndipo anatiuza kuti chaka chamawa akubwerera kwawo ku Ntcheu, maso ayamba kuvuta.

Kenaka alamu anatsegula chitseko n'kukhala pa mpando wong'ambika, manja pa chiwongolero. Anandionetsa kandodo ka mutu wachikasu kamene umakadina kuti matayala onse anayi akoke, ndi kena ka mutu wofiira kamene umakokera kumbuyo pokwera chitunda choterera. Ankalongosola mofulumira, mosangalala, ndipo sindinawaonepo akuyankhula chonchi za ntchito yawo ya muofesi. Bambo awo anali dalaivala wa ku mishoni, ndipo ankawatenga ali mwana pa galimoto ya mtundu womwewu pokatenga odwala kumidzi nthawi ya dzinja. Za feteleza ndi chimanga zija n'zoona, koma ndinaona kuti chifukwa chenicheni n'chimenechi, ndipo sindichinyoza. Munthu amaloledwa kukonda chitsulo.

Tinakhala pa tayala lakale n'kutsegula kabuku kamene alamu amalembamo chilichonse chimene awononga. Chala chawo chinkangobwerera pa chiwonkhetso cha m'munsi, ati ndingataye bwanji zonsezi. Ine ndinati ndalama imeneyo inapita kale, aigulitse kapena aisunge siibwerera. Chofunika kuwerenga ndi tsamba la zotsala. Tsamba limenelo analilemba Kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pafupifupi chilichonse cholembedwapo n'chochokera kunja. Chodabwitsa n'chakuti kugwa komweko kunawachitira ubwino kumbali ina: maring'i, magasiketi, mabering'i ndi kilatchi zimene anagula kale, zimene mwamwayi anazisunga kunyumba pansi pa bedi zili m'mabokosi ake, lero zili ndi mtengo woposa chiphapha chimene tinali titatsamiracho.

Ndiye panali za mapepala. Bulubuku ikadali m'dzina la mkulu amene anawagulitsa uja. Kusintha umwini ku Road Traffic kumafuna wogulitsa ndi wogula, ndipo mkuluyo ndi wokalamba. Akadzatisiya nkhaniyo idzalowa m'manja mwa ana ndi adzukulu, ndipo galimoto yopanda mapepala olongosoka, ngakhale itadzuka bwanji, siipeza COF kapena inshuwalansi. Bambo wa imvi anapala ndi waya kutsogolo kwa tchesisi, kudzanja lamanja, mpaka nambala inaoneka. Inafanana ndi ya m'buku. Imeneyi ndiyo inali nkhani yabwino yokha ya tsikulo.

Ofuna kugula analipo atatu, malinga ndi mwini galaja. Wogula zitsulo zakutha amayeza pa sikelo, ndipo maso ake ali pa aluminiyamu. Ndalama yake siingagule ngakhale njinga yamoto yakale. Wogulitsa masipeya wa ku Malangalanga akufuna giyabokosi, madifu ndi zitseko, zinazo asiye pomwepo. Wachitatu ndi mlimi wa ku Mchinji amene ali ndi Series III yake yoyenda, ya tchesisi yabwino koma bodi yophwanyika ndi injini yofuka utsi. Ameneyo akufuna yonse, pamodzi ndi mabokosi a pansi pa bedi.

Alamu anandifunsa maganizo anga, ndipo sindinazungulire. Akanakhala ndi bwalo lawolawo, kadenga kotchinga mvula, manja odziwa sipanala ndi kandalama kopatula mwezi ndi mwezi, ndikanati ikokereni kunyumba, muzimanga Loweruka lililonse ngakhale zitatenga zaka khumi. Koma amakhala nyumba ya lendi ku Kawale, pabwalo pongokwana chingwe choyanikira zovala, ana awiri ali ku sekondale, ndipo bawuti iliyonse ayenera kulipira munthu kuti aimasule. Kuisunga kwa iwo kungatanthauze kuisamutsira kuseri kwa galaja ina. Ku Mchinji zitseko zimenezi zikayendanso pamsewu.

Anakhala chete nthawi yaitali, akutsegula ndi kutseka kabuku kaja. Kenaka anapempha nambala ya mlimiyo n'kupita chapatali, pafupi ndi Peugeot. Ndinkangomva zidutswa: ayi, pamenepo mwatsitsa kwambiri akulu, mabokosiwo ndi osatsegula, inde, tikapitira limodzi kwa madalawo kukasintha dzina. Anagwirizana kuti mlimiyo abwere ndi lole Lachiwiri, ndalama ili m'manja, ndipo ngongole ya malo alamu athane ndi mwini galaja tsiku lomwelo. Bambo wa imvi analonjeza kusonkhanitsa mabawuti onse a injini mu chitini kuti asasowenso.

Potuluka, alamu anatsalira. Nditacheuka ndinawapeza atatsegula boneti ya Nissan 1400 ija, mutu uli m'kati.

"Nanga iyi, mwini wake akuti bwanji? Injini ilimo yonsetu iyi."

Mwini galaja anali atayamba kale kufufuza nambala ya ku Joni mu foni yake. Ndinawakoka malaya alamu, n'kuwakumbutsa kuti achemwali akutidikira ndi nsima.