Mwana Amayambira pa Mphaka

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, koma ana obwera kudzaphunzira sindiwayambitsira pa masamu. Amayambira pa mphaka.

Mphakayo amapezeka mu Scratch, pulogalamu yaulere imene gulu la Mitchel Resnick linatulutsa ku yunivesite ya MIT, ku America, mu 2007, poganizira ana a zaka 8 mpaka 16. Mwana salemba chilichonse. Amangokoka timabuloko ta malangizo n'kutilumikiza: aka kakuti yenda, ako kakuti tembenuka. Akadina mbendera yobiriwira, mphaka uja wanyamuka.

Pokoma ndi apa. Mtsikana akauzidwa kuti mphakayo ayende mbali zinayi n'kubwerera pomwe anayambira, amaika buloko yoyenda, kenako yotembenuka madigiri 90, yoyendanso, yotembenukanso, mpaka mabuloko asanu ndi atatu. Zimatheka ndithu, koma wayamba kudandaula kuti n'zotopetsa. Apo m'pamene ndimamuonetsa buloko yobwereza. Amalowetsamo ziwiri zokha, n'kulemba 4, basi. Nkhope imawala! Mfundo yobwerezayi ndi yomweyo imene ine ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo imakhazikika bwino mwa mwana amene wayamba watopa kaye.

Okulirapo amasamukira ku Python, chinenero cholembera mapulogalamu chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Kumeneku kulibe zokoka. Chilembo chilichonse n'cholemba wekha, ndipo mzere ukangolowa mkati molakwika pulogalamu imakana kuyenda. Ambiri amafookera pomwepa. Uthenga wa vuto ukatuluka, mnyamata amathamangira kufufuta zonse osauwerenga, chonsecho uthengawo watchula ndi nambala ya mzere womwe. Ine ndimaima kumbuyo kwake, manja m'thumba, n'kumuuza kuti awerenge mokweza. Kiyibodi yake sindiyikhudza, ngakhale mtima ukufunitsitsa, chifukwa ndikamukonzera wophunzira ndimakhala ine.

Nanga makompyuta? Kuno kwathu ndi ochepa, intaneti ndi yodula, magetsi amazima. Komabe Scratch ukaiika pa kompyuta imagwira popanda intaneti, ndipo Python imatheka ngakhale pa foni ya Android. Ku Lilongwe, bungwe la mHub limene Rachel Sibande anayambitsa lakhala likuphunzitsa ana ndi atsikana luso lolemba mapulogalamu. Komwe kompyuta ili imodzi, ana atatu amakhalira limodzi: wina alemba, wina awerenga, wina alosera zomwe zichitike asanadine, kenako asinthana. Magetsi akazima timatenga kope, mmodzi n'kulemba malangizo, mnzake n'kuwatsatira ndendende kuchokera pa desiki mpaka pakhomo.